Mmene mungapewere kuti query isinthe yankho mukakweza version ya database

Pulogalamu imene yakhala ikugwira ntchito bwinobwino kwa zaka zambiri ikhoza kuyamba kupereka mayankho olakwika, kapena kukaniratu kugwira ntchito, m'mawa mwa tsiku limene mwakweza version ya database (pulogalamu yosunga deta m'matebulo), ngakhale kuti palibe amene wakhudza mzere ndi umodzi womwe wa code yake. Kawirikawiri gwero la vutoli limakhala pamalo pamene query, lamulo la SQL limene pulogalamu imatumiza ku database, ikuyerekeza zinthu ziwiri za mitundu yosiyana, monga nambala ndi malemba, kapena deti ndi malemba, ndipo database imasankha yokha kuti isandutse chiti kuti chifanane ndi chinzake. Malamulo a kusandutsa kumeneku ndi osiyana mu MySQL, PostgreSQL, SQL Server, Oracle ndi SQLite, komanso akhala akusintha mkati mwa database imodzimodziyo pamene ma version atsopano akutuluka. Malangizo awa ndi a munthu amene wapatsidwa ntchito yosamutsira pulogalamu ku version yatsopano. Ntchito yake yaikulu ndi kupeza, asanasamuke, malo onse amene database ikumusankhira mtundu wa deta, kenako pamalo ponsepo n'kunena yekha mtundu umene akufuna.

Onani kaye mmene database yanu imayerekezera zinthu zosiyana mtundu

Tiyerekeze kuti muli ndi tebulo la mamembala, ndipo kolamu ya nambala ya membala inapangidwa kukhala VARCHAR, mtundu wa malemba, chifukwa nambala zina zimayamba ndi ziro pomwe zina zili ndi chilembo kumapeto. M'tebulomo muli mizere itatu imene nambala zake ndi '42', '0042' ndi '42A'. Wolemba pulogalamu waiwala kutsekera nambala m'ma quote, ndiye walemba chonchi:

SELECT dzina FROM mamembala WHERE nambala = 42;

MySQL ikaona malemba akuyerekezedwa ndi nambala imasandutsa mbali zonse ziwiri kukhala nambala za mtundu wa DOUBLE, ndipo posandutsapo imawerenga malembawo kuchokera kumanzere mpaka pamene yakumana ndi chilembo chimene sichingakhale gawo la nambala. Motero '0042' imasanduka 42, nayonso '42A' imasanduka 42, ndipo mulandira mayina atatu pamodzi ndi chenjezo limene mapulogalamu ambiri saliwerenga n'komwe. SQL Server imaika INT, mtundu wa manambala athunthu, pamwamba pa VARCHAR pa mndandanda wake wa mitundu, choncho imayesa kusandutsa kolamu yonse kukhala nambala, ndipo ikafika pa '42A' imaima ndi error 245 yonena kuti kusandutsako kwalephera. Mukanakhala kuti mulibe '42A', ikanakupatsani mayina awiri mosadandaula. Oracle imachita zofanana ndi zimenezi n'kuima ndi ORA-01722. SQLite imasandutsa 42 uja kukhala malemba n'kukupatsani dzina limodzi lokha, pomwe PostgreSQL imakana query yonseyo isanayambe n'kuwerenga tebulo, ponena kuti ilibe njira yoyerekezera malemba ndi nambala.

Khalidwe la MySQL lili ndi misampha ina iwiri yoyenera kuidziwa. Malemba alionse oyamba ndi chilembo amasanduka 0, kotero query yofunsa kuti nambala ikhale 0 imabweza mizere yonse imene nambala zake zimayamba ndi chilembo, ndipo nambala ngati '42E1' imawerengedwa kuti ndi 420 chifukwa E amatengedwa ngati chizindikiro cha masamu. Wachiwiri ndi wakuti DOUBLE imasunga nambala zathunthu molondola kulekezera pa 9007199254740992 basi, ndiye nambala ziwiri zazitali za akaunti, zosiyana pa nambala yomaliza yokha, zikhoza kuoneka zofanana. Kwathu kuno deta yotereyi ndi yambiri, popeza nambala za foni zimayamba ndi ziro kapena ndi +265, ndipo nambala za ziphaso za unzika zimasakaniza zilembo ndi manambala. Zonsezi ndi malemba ngakhale timazitchula kuti nambala.

Ndinaonapo vutoli pa bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama, kumene query yolemba ndalama zimene membala wasonkha inali ndi nambala yopanda ma quote. Mamembala akale anali ndi nambala zoyamba ndi maziro, atsopano analibe, ndipo tsiku limene nambala ziwiri zinakumana, ndalama za munthu mmodzi zinalembedwa kwa anthu awiri. Panalibe error iliyonse, ndipo anazindikira ndi mlembi kumapeto kwa mwezi poona kuti buku lake ndi kompyuta sizikugwirizana.

Choyamba chimene muyenera kuchita, tsono, ndi kupanga tebulo laling'ono ngati limeneli pa version imene muli nayo ndiponso pa imene mukupitako, n'kuyesa nokha kuyerekeza kotereku pa zonse ziwiri. Zimatenga mphindi zochepa, ndipo mudzadziwa khalidwe la database yanu mwa kuona ndi maso, osati mwa kukumbukira zimene munamva.

Werengani zimene zinasintha pa version iliyonse imene mukuidumpha

Database iliyonse imatulutsa zolemba zofotokoza zimene zasintha pa version yatsopano, ndipo m'zolembazo mumakhala gawo la zinthu zimene sizigwirizananso ndi khalidwe lakale. Ngati mukuchoka pa PostgreSQL 11 kupita pa 16, muwerenge gawo limeneli la 12, 13, 14, 15 ndi 16, chifukwa zosintha zonse za m'njira zidzakugwerani tsiku limodzi. Powerengapo musiyanitse zosintha zimene zimabweretsa error ndi zimene zimangosintha yankho mwakachetechete. Zoyambazo zimakwiyitsa koma n'zosavuta, chifukwa pulogalamu imaima n'kukulozerani pamene pali vuto. Zachiwirizo ndi zimene ziyenera kudya nthawi yanu yambiri.

Chitsanzo chodziwika kwambiri cha mtundu woyambawo ndi PostgreSQL 8.3 ya mu 2008, imene inasiya kusandutsa yokha manambala ndi madeti kukhala malemba. Ma query ngati 23 LIKE '2%', amene kale ankagwira ntchito, anayamba kukanidwa, ndipo anthu ambiri anadandaula. Koma chifukwa chimene opanga PostgreSQL anapereka chinali chomveka. Munthu akalemba current_date < 2017-11-17 wopanda ma quote, database inkachotsera 11 ndi 17 pa 2017 n'kupeza 1989, kenako inkasandutsa deti la lero ndi 1989 uja kukhala malemba n'kuziyerekeza ngati mawu, ndipo yankho linkatuluka popanda chenjezo ngakhale linali lopanda tanthauzo.

Zosintha zina za PostgreSQL za pambuyo pake n'zachete. Kuyambira pa version 12 ya mu 2019, manambala a mtundu wa double precision amalembedwa ndi manambala onse ofunika kuti asataye kalikonse, moti kuphatikiza 0.1 ndi 0.2 kumene kale kunkaonetsa 0.3 tsopano kumaonetsa 0.30000000000000004. Mtengo wosungidwa, ndiko kuti deta yeniyeni imene ili mu database, sunasinthe, koma ngati pulogalamu yanu imasandutsa nambalazo kukhala malemba n'kumaziyerekeza, kapena kuzilemba m'fayilo yopita ku ofesi ina, zotsatira zidzasiyana. Pa version 14 ya mu 2021, EXTRACT, imene imatulutsa gawo la deti monga chaka, inasiya kubweza double precision n'kuyamba kubweza numeric, pomwe date_part inatsala monga kale. Kusinthaku kumaoneka kochepa mpaka mutaona mmene kumafikira mu pulogalamu. Mu Python, numeric imafika ngati Decimal, imene json yachizolowezi imakana kuilemba. Mu Node.js, driver ya pg, imene imalumikiza pulogalamu ndi database, imabweza numeric ngati malemba, ndiye chaka chimene kale chinkafika ngati nambala 2024 tsopano chimafika ngati '2024', ndipo code yowonjezera 1 pa chakacho imatulutsa '20241' m'malo mwa 2025.

Ku MySQL, kusintha kwakukulu kunabwera ndi 5.7 mu 2015, pamene sql_mode yoyambira, mndandanda wa malamulo amene seva imatsata, inayamba kukhala ndi STRICT_TRANS_TABLES pamodzi ndi malamulo okana madeti a ziro ngati '0000-00-00'. MariaDB, database yochokera ku MySQL, inatsatira pa 10.2.4 poyatsa STRICT_TRANS_TABLES. Pansi pa malamulo okhwimawa, chenjezo lija la '42A' limasanduka error 1292 ngati query yake ndi UPDATE, yosintha deta, ndipo kulowetsa malemba opanda kanthu mu kolamu ya INT kumakanidwa m'malo mosungidwa ngati 0. Koma musaganize kuti zimenezi zathetsa vuto lonse: '0042' imasanduka 42 popanda chotayika chilichonse, kotero palibe chenjezo, ndipo ngati mulibe '42A', UPDATE ija idzasinthabe mizere iwiri. SELECT nayonso imapitiriza kungochenjeza.

MySQL 8.0 ya mu 2018 inasintha zilembo zoyambira kuchoka pa latin1 kupita pa utf8mb4, ndi collation (malamulo oyerekezera ndi kusanja malemba) ya utf8mb4_0900_ai_ci. Matebulo akale amasunga collation yawo pomwe atsopano amatenga yatsopanoyi, ndipo mukalumikiza awiriwo mukhoza kulandira error yonena za kusakanikirana kwa ma collation, kapena index, mlozera wothandiza kupeza mizere mwachangu, n'kusiya kugwiritsidwa ntchito. Collation yatsopanoyi imawerengeranso mpata wa kumapeto kwa malemba, moti 'Banda' ndi 'Banda ' zimene kale zinali zofanana tsopano n'zosiyana, ndipo aliyense amene anaonapo deta yolowetsedwa ndi manja akudziwa kuchuluka kwa mipata yotereyi. Chinanso chimene ambiri sachiyembekezera n'chakuti mu 8.0 khalidwe linkasintha ngakhale pa nambala yachitatu ya version. Kuyambira pa 8.0.16, kuyerekeza kolamu ya DATE ndi malemba amene si deti, monga malemba opanda kanthu ochokera pa fomu imene munthu sanadzaze, kumaimitsa query ndi error. Kuyambira pa 8.0.22, prepared statement, query yokhala ndi malo oikamo mitengo (ma parameter) poiyendetsa, imakonzedwa kamodzi kokha ndipo mitundu ya ma parameter ake imasankhidwa pa nthawi yokonzayo. Chifukwa chake polemba version imene mwayesapo, lembani manambala onse atatu.

SQL Server ili ndi mwambo wake. Khalidwe la database limatsatira compatibility level, imene kawirikawiri siisintha yokha mukakweza seva, ndiye vuto likhoza kudzaonekera patapita miyezi, tsiku limene wina wakweza level ija, pamene aliyense waiwala kale za kusamuka. Mtundu wa datetime umasunga nthawi m'magawo 300 a sekondi imodzi, n'chifukwa chake nthawi zake zimathera pa .000, .003 kapena .007. Pa level 130, imene inabwera ndi SQL Server 2016, kusandutsa datetime kukhala datetime2 kunayamba kulondola kwambiri, moti .003 imasanduka .0033333 pomwe kale inkasanduka .0030000. Ngati pulogalamu yawerenga nthawi mu kolamu ya datetime n'kuitumizanso ngati parameter ya datetime2 pofuna mzere womwewo, mzerewo supezekanso, ndipo UPDATE imangonena kuti yasintha mizere 0.

Musaiwale driver ndi chilankhulo cha pulogalamu

Pakati pa pulogalamu ndi database pali driver, ndipo nayonso imasankha mtundu wa chilichonse chimene ikutumiza ndi kulandira. Nthawi zambiri anthu akamakweza database amakwezanso driver ndi chilankhulo tsiku lomwelo, ndiye vuto likabuka sadziwa kuti lachokera kuti. Langizo langa ndi lakuti muzikweza chimodzi pa nthawi, n'kuyesa, musanakhudze chinzake.

PHP ndi chitsanzo chabwino chifukwa mapulogalamu ambiri a m'maofesi ndi m'masukulu analembedwa m'chilankhulochi. Pa PHP 8.0, kuyerekeza 'abc' == 0 kunasiya kukhala koona. Pa PHP 8.1, driver ya PDO ya MySQL inayamba kubweza manambala ngati manambala enieni ngakhale pa ma prepared statement oyerekezera, amene kale ankabweza chilichonse ngati malemba, kotero code yofunsa ngati mtengo uli ndendende '1' inayamba kuyankha kuti ayi, ndipo JSON yopita ku pulogalamu ya pafoni inasintha maonekedwe. Ku Java, driver ya PostgreSQL imatumiza chilichonse choperekedwa ndi setString ngati varchar, ndipo database imakana kuchiyerekeza ndi kolamu ya integer, ngakhale kuti query yomweyo mukailemba pamanja ndi '42' imagwira ntchito, chifukwa malemba olembedwa mwachindunji m'ma quote amatenga mtundu wa kolamu imene akuyerekezedwa nayo. Driver ya JDBC ya SQL Server imatumiza malemba ngati nvarchar pokhapokha mutaiuza zina, ndipo popeza nvarchar ili pamwamba pa varchar, ndi kolamu imene imasandutsidwa, zimene pa ma collation ena zimachititsa kuti database iwerenge index yonse m'malo mopita molunjika pa mzere wofunidwa. Ku Python, psycopg2 inkalowetsa mitengo mu query isanaitumize, pomwe psycopg 3 imatumiza query payokha ndi ma parameter paokha, ndipo ma query ena amene ankadutsa kale amafuna kuti mutchule mtundu.

Sonkhanitsani ma query enieni, muwayendetse pa ma seva awiri

Kuwerenga code kokha sikokwanira, chifukwa ma query ambiri amapangidwa ndi ORM, chida cholembera pulogalamu ma query, pa nthawi imene pulogalamu ikuyenda, ndipo ena amakhala m'malipoti, m'ma view, m'ma stored procedure ndi m'tintchito toyenda usiku timene palibe amene amatikumbukira. Tengani ma query kuchokera pa seva yeniyeni. Pa MySQL yatsani general log kwa kanthawi, kapena slow log mutaika long_query_time pa 0, ndipo muonenso sys.statements_with_errors_or_warnings, imene imaonetsa ma query amene akhala akutulutsa machenjezo. Pa PostgreSQL gwiritsani ntchito pg_stat_statements pamodzi ndi log ya seva, pa SQL Server gwiritsani ntchito Query Store. Nthawi yosonkhanitsayo iphatikizepo kumapeto kwa mwezi, ndipo ngati pali malipoti a pachaka muwayendetse dala, popeza ma query amene amayenda kamodzikamodzi ndi amene sakonzedwa.

Kenako konzani ma seva awiri oyeserera, ina ya version yakale ina ya yatsopano, ndipo pa zonse ziwiri muikepo kope lomwelo la deta yeniyeni, mutabisa zinsinsi za anthu kumene kukufunika. Deta yopeka siithandiza pano, chifukwa imakhala yoyera mopitirira, pomwe mavuto a kusandutsa amabisala mu '42A' uja amene wina analowetsa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Musayesenso pa database ya mtundu wina. SQLite imalola malemba kulowa mu kolamu ya INTEGER pokhapokha tebulolo litapangidwa ndi STRICT, imene inabwera pa 3.37.0 mu 2021, ndipo kolamu imene mwaitcha STRING imaitenga ngati ya manambala n'kudula maziro a kumayambiriro, choncho mayeso odutsa pa SQLite sanena kanthu za PostgreSQL.

Pa query iliyonse yerekezani zinthu zinayi: kuchuluka kwa mizere yobwera, mitengo ya m'mizereyo, mtundu wa kolamu iliyonse ya yankho, ndi dongosolo limene database yasankha poyendetsa query. Chachitatucho ndi chimene ambiri amachidumpha, chonsecho ndi chokhacho chimene chingagwire kusintha kwa EXTRACT kuja. Mu psql, lamulo la \gdesc limaonetsa mitundu ya makolamu a yankho popanda kuyendetsa query, ndipo pg_typeof imanena mtundu wa mtengo uliwonse. Pa MySQL, kutsegula client ndi --column-type-info kumachita zofanana, ndipo SHOW WARNINGS ikayendetsedwa pambuyo pa EXPLAIN imanena poyera ngati index yalephera kugwiritsidwa ntchito chifukwa cha kusandutsa mtundu kapena collation. Pa SQL Server funani mawu akuti CONVERT_IMPLICIT mu plan, dongosolo lija loyendetsera query, makamaka pamene akuzinga dzina la kolamu. Kwa amene ali pa MySQL, chida cha pt-upgrade cha mu Percona Toolkit chimayendetsa ma query a mu log pa ma seva awiri n'kunena pamene mayankho, machenjezo kapena ma error asiyana, ndipo util.checkForServerUpgrade ya mu MySQL Shell imafufuza matebulo musanasamuke. Ntchito yoyerekezayi ndi yotopetsa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kusiyana kulikonse kumene mwakupeza muyenera kukufotokoza chifukwa chake musanakuchotse pa mndandanda.

Konzani poyambira pa mtengo umene mukutumiza

Mukapeza malo amene mitundu ikusiyana, njira yoyamba ndiponso yabwino koposa ndi kusintha mtengo umene pulogalamu ikutumiza kuti ufanane ndi kolamu. Ngati kolamu ndi VARCHAR, tumizani malemba. Ngati ndi INT, tumizani nambala, ndipo potumiza parameter mutchule mtundu wake m'malo moisiyira driver kuti iganize. Pa chitsanzo chathu chija, kukonza kwake ndi kungolemba nambala = '42', ndipo ma database onse asanu adzabweza dzina limodzi lomwelo.

Pamene simungapewe CAST, lamulo losandutsa mtundu mwachindunji, iikeni kumbali ya mtengo, osati kumbali ya kolamu. Kusandutsa parameter kumachitika kamodzi, pomwe kusandutsa kolamu kumachitika pa mzere uliwonse ndipo kumalepheretsa index wamba kugwira ntchito. Dziwaninso kuti CAST ya MySQL siikana malemba oipa, popeza '42A' ikasandutsidwa kukhala UNSIGNED imatulukabe 42 ndi chenjezo chabe, kotero kulemba CAST kumaonetsa cholinga chanu koma sikuyeretsa deta.

Pali msampha wina umene umakhudzana kwambiri ndi kusintha kwa version. Anthu amalemba WHERE yokhala ndi mbali ziwiri, yoyamba yosankha mizere imene ili ndi manambala okhaokha, yachiwiri yosandutsa kolamuyo kukhala nambala, poganiza kuti database idzatsata dongosolo limene iwo alemba. SQL silonjeza zimenezo. Version yakale mwina inkayamba ndi mbali yoyamba mwamwayi chabe, ndipo yatsopano, posankha dongosolo lina, ikhoza kuyamba ndi kusandutsa n'kugwa pa '42A'. Ikani kusandutsako mkati mwa CASE, kapena gwiritsani ntchito zida zimene zinapangidwira zimenezi: TRY_CAST ndi TRY_CONVERT zilipo kuyambira pa SQL Server 2012, Oracle 12.2 inabweretsa VALIDATE_CONVERSION, ndipo PostgreSQL 16 ili ndi pg_input_is_valid.

Madeti amafuna chisamaliro chapadera chifukwa ife timalemba tsiku kenako mwezi, pomwe ma seva ambiri amabwera atakonzedwa mwa Chimereka, mwezi kenako tsiku. Malemba akuti '03/04/2024' amawerengedwa malinga ndi DateStyle pa PostgreSQL, NLS_DATE_FORMAT pa Oracle, kapena chilankhulo cha login pa SQL Server, ndipo seva yatsopano ikakonzedwa mosiyana ndi yakale, madeti a masiku 12 oyambirira a mwezi amatembenuka mwakachetechete pomwe otsalawo amakanidwa. Tumizani madeti ngati ma parameter a mtundu wa deti. Mukakakamizika kulemba ngati malemba, yambani ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku. Pa datetime ya SQL Server lembani popanda timizere, monga '20240403', chifukwa pansi pa chilankhulo cha British ngakhale '2024-04-03' imawerengedwa ngati chaka, tsiku, mwezi.

Kumbali ya mayankho, paliponse pamene pulogalamu imadalira mtundu wa chinthu chowerengetsedwa, monga chaka chochokera mu EXTRACT, chiwerengero cha SUM kapena zotsatira za kugawa, tchulani mtunduwo mu SELECT momwemo. Mukatero, version ina ikadzasintha mtundu umene function imabweza, pulogalamu yanu sidzamva kanthu.

Pomaliza pamabwera funso la kolamu yeniyeniyo. Ngati matebulo awiri amalumikizidwa pa nambala ya membala koma kwina ndi INT kwina ndi VARCHAR, kukonza ma query ndi kumata chabe, ndipo wolemba code wotsatira adzabwezanso vutolo. Fufuzani mu information_schema.columns makolamu a dzina lofanana koma a mitundu yosiyana, pezani mizere imene singasandutsidwe pogwiritsa ntchito regular expression, ikonzeni mogwirizana ndi eni ake a deta, kenako sinthani kolamu. Muyezo wake ndi wosavuta: chimene mungachiphatikize kapena kuchichotsera chikhale nambala, chimene ndi chizindikiro chabe cha munthu kapena chinthu chikhale malemba, ndipo ndalama zikhale DECIMAL osati FLOAT kapena DOUBLE.

Za njira zobwezera khalidwe lakale

Pafupifupi kusintha kulikonse kumene ndatchula kuli ndi njira yokuzembera. Mukhoza kuchotsa STRICT_TRANS_TABLES mu sql_mode, kuika extra_float_digits pa 0, kusiya compatibility level pansi pa 130, kuyatsa PDO::ATTR_STRINGIFY_FETCHES, kapena kuika stringtype=unspecified pa driver ya JDBC ya PostgreSQL. Njirazi zili ndi malo ake, makamaka pamene pulogalamu inagulidwa kwa ena ndipo code yake mulibe, kapena pamene version yakale yasiya kulandira zokonza za chitetezo, monga zinachitikira MySQL 5.7 mu Okutobala 2023, ndipo simungadikire kuti ma query onse akonzedwe. Mukazigwiritsa ntchito, kumene n'kotheka ziikeni pa connection ya pulogalamu yokhayo imene ikuzifuna osati pa seva yonse, ndipo mulembe chifukwa chake ndi deti lodzazichotsera.

Imodzi yokha ndi imene sindingakulangizeni ngakhale kwa kanthawi, ndiyo kupanga pa PostgreSQL ma cast atsopano a AS IMPLICIT pofuna kubwezeretsa khalidwe la 8.3 isanabwere. Database ikapatsidwa njira zambiri zosandutsira imayamba kulephera kusankha, ndipo ma query ena amene analibe vuto, monga olumikiza malemba ndi nambala pogwiritsa ntchito ||, amayamba kukanidwa kuti sakudziwika operator yoyenera.

Tsiku losamuka ndi masabata otsatira

Musanasamuke, lembani makonzedwe onse a seva yakale amene amakhudza kusandutsa, monga sql_mode, character set, collation, time zone, DateStyle ndi compatibility level, ndipo pa seva yatsopano muwaike mwachindunji m'fayilo ya makonzedwe m'malo modalira zoyambira, popeza zoyambirazo n'zimene zimasintha pakati pa ma version. Tengani ziwerengero zochepa zoti mudzayerekezere, monga kuchuluka kwa mizere pa tebulo lililonse, ndalama zonse za mwezi watha, ndi deti loyambirira ndi lomalizira pa matebulo aakulu, ndipo mukangosamuka muziwerengenso. Sungani kope la database yakale limene mwayesa kale kulibwezeretsa n'kuona kuti likutheka.

Mukasamuka, sinthani pulogalamu kuti izilemba mu log machenjezo ochokera ku database, ndiponso kuti izidandaula pamene UPDATE kapena DELETE imene imayenera kukhudza mzere umodzi yakhudza 0 kapena yoposa umodzi, chifukwa chizindikiro chimenechi n'chimene chikanagwira vuto la datetime2 komanso la mamembala awiri aja tsiku loyamba. Ma query amene munapeza kuti amasiyana muwasandutse mayeso okhazikika, okhala ndi mizere yovuta ija ya '0042', '42A', malemba opanda kanthu ndi dzina lokhala ndi mpata kumapeto, ndipo mayesowo aziyenda pa version yeniyeni imene ili pa seva yogwirira ntchito, mpaka pa nambala yake yachitatu. Seva yakale musaizimitse mpaka malipoti a kumapeto kwa mwezi woyamba atatuluka pa yatsopano ndipo a ku ofesi ya zachuma atawayerekeza ndi mabuku awo.